Mmene Amapangira Cishalo ca Kauboyi

Anzanga, ambiri a ife taona pa kanema anyamata oweta ng'ombe a ku America, amene timawacha makauboyi. Maso athu amathamangira pa cipewa cacikuru ndi pa liwiro la kavalo, koma ndi owerengeka amene amayang'ana cimene munthuyo wakhalapo. Ine ndifuna kufotokoza za cishalo cimeneco, ndi za amisiri amene amacipanga ndi manja, cimodzi-cimodzi, molingana ndi kavalo ndi mwini wace.

Poyamba tidziwe kumene cinacokera. M'caka ca 1519 Hernán Cortés wa ku Spain anafika ku Mexico ndi akavalo 16. Patapita zaka, abusa a ng'ombe a kumeneko, ochedwa vaquero, anasintha cishalo ca ku Spain kuti ciyenere nchito yao, ndipo anthu a ku Texas ndi ku California anaphunzira kwa iwo. Kuyambira m'caka ca 1867 makauboyi anali kukusa ng'ombe zikwi zambiri kucokera ku Texas kunka ku Abilene, m'dziko la Kansas, kumene kunali njanji. Ulendowo unali wa miyezi iwiri kapena kuposa, munthu ali pa kavalo kuyambira mbandakuca kufikira madzulo. Motero cishalo coipa cinali kupweteka munthu ndi kulemaza kavalo.

M'kati mwa cishalo muli mafupa ace a mtengo, amene pa Cingerezi amawacha tree. Amawasema ku mtengo wopepuka, monga paini. Pali matabwa awiri ogona uku ndi uku kwa msana wa kavalo, osakhudza pfupa la pakati. Patsogolo pali phanda lonyamula nyanga, ndipo pambuyo pali cotsamira. Akatha kusema amakuta zonsezi ndi cikopa caciwisi ca ng'ombe, nacisoka cikali conyowa. Pouma cimakokana ndi kulimba monga cikopa ca ng'oma. Kulimba kumeneku kufunika kaamba ka nyanga ija, pakuti kauboyi akakola ng'ombe ndi cingwe amakulunga cingweco pa nyanga, ndipo mphamvu yonse ya ng'ombe yothawa imagwera pomwepo.

Matabwa awiri aja ndiwo ofunika koposa, cifukwa amagawa kulemera kwa munthu pa malo akuru a msana. Cishalo ca nchito cimalemera ngati mapaundi 40, ndiwo makilogalamu 18, komabe kavalo sabvutika naco ngati matabwa agona bwino. Akakhala opanikiza amatsina pamapewa, nadzetsa zironda, ndipo zikapola pamamera ubweya woyera umene susinthanso. Ndico cifukwa cace mmisiri weni-weni amayamba wadziwa msana wa kavalo, kenaka msinkhu wa wokwera.

Pamwamba pa mafupawo amaumba pokhalira. Amamata zidutswa za cikopa, cina pamwamba pa cinzace, namapala ndi mpeni pang'ono-pang'ono, namakhalapo iye mwini kuti amve ngati pali potumphuka. Nchito imeneyi imadzakutidwa, osaonekanso, koma wokwera amaimva tsiku lonse.

Cikopa ca kunja cimakhala cocindikala, cofufutidwa ndi makungwa a mitengo monga oak, ndipo cishalo cimodzi cimadya pafupi-fupi cikopa cathunthu ca ng'ombe. Mmisiri sadula cisawawa. Cikopa ca kumsana ncolimba, ndipo ndimo mocokera malamba onyamula zopondera mapazi. Ca kumimba cimatamuka, kotero cimapita pa malo osanyamula katundu. Kunsi kwa cishalo amaika cikopa ca nkhosa ndi ubweya wace. Posoka ndi manja amagwiritsa singano ziwiri ndi ulusi wopaka phula.

Tsono tifike pa maluwa amene amakongoletsa cishalo. Zidutswa zambiri amazilemba asanazimange pa mafupa. Mmisiri amanyowetsa cikopa ndi madzi, nayembekeza kuti cinyezi cilowe m'kati. Cikanyowa kwambiri sicisunga cizindikiro, cikauma mpeni suyenda. Akajambula duwa ndi masamba ace, amatsata mizereyo ndi kampeni kozungulira pansi pa cala, osaboola cikopa. Atatero amatenga tizitsulo ta milomo yosiyana-siyana, namatimenya ndi nyundo. Kena kamatsitsa m'mbali mwa mzere kuti duwa litukuke, kena kamalemba mitsempha ya tsamba, kena kamaphwatalitsa mipata yotsala. Amamenya kambiri-mbiri, ndipo akaphonya kamodzi palibe cofufutira monga ticitira m'makope athu. Maluwawa ali ndi nchitonso, pakuti cikopa comenyedwa cimalimba, ndipo zipsera za minga sizionekera msanga.

Malembedwe ochuka kwambiri ndiwo a ku Sheridan, mzinda wa m'dziko la Wyoming. Maluwa ace ndi ang'ono-ang'ono, othithikana, ndipo liri lonse limakhala m'kati mwa mphukira yozungulira imene imalumikizana ndi inzace. Amene anawachukitsa ndiye Don King, wobadwa m'caka ca 1923. M'caka ca 1991 analandira mphotho ya boma la America yochedwa National Heritage Fellowship, ndipo anamwalira m'caka ca 2007.

Ine ndiganiza kuti maluwawo ngokoma ndithu, koma wogula wanzeru amayamba watembenuza cishalo kuti aone kunsi kwace. Akuru anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cishalo ca maluwa ambiri koma mafupa okhota cidzapunduza kavalo, amene sangathe kunena pamene pakumpweteka. Cishalo comangidwa bwino, cikamapakidwa mafuta ndi kusungidwa pouma, cimatha zaka makumi angapo, kufikira mwana kukwera pa cishalo ca atate wace. Ife amene tiphunzira nchito za manja pa sukulu pano tikumbuke zimenezi pamene tilumikiza matabwa kapena kusoka mpindiro wa m'kati, umene aphunzitsi mwina sadzautembenuza.