Pampu yoonjezera mphamvu pa makina osefera madzi pakhomo: zoyenera kudziwa azaumoyo a ku Ntcheu

Makina osefera madzi otchedwa reverse osmosis, omwe mwachidule amangoti RO, tsopano amapezeka m'masitolo a zipangizo za mipopi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ena amabwera nawo abale ochokera ku Joni. Banja likagula makinawa, dandaulo lomwe limatsatira nthawi zambiri ndi lakuti madzi akutuluka modontha, kapena kuti sakusiyana kukoma ndi a pa mjigo. Wogulitsa amayankha kuti pakufunika pampu yoonjezera mphamvu. Popeza nkhani ya madzi akumwa ndi ya alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka m'midzi, funsoli likhoza kukupezani inu. Nkhani ino ikufotokoza momwe makinawa amagwirira ntchito, nthawi yomwe pampu imafunikadi, momwe imaikidwira, ndi zomwe pampuyo singathe kukonza.

Momwe makina a RO amasefera madzi

Madzi amadutsa magawo angapo. Sefa yoyamba imagwira mchenga, dzimbiri ndi matope. Yachiwiri, ya makala, imachotsa klorini ndi fungo. Kenako madzi amafika pa nembanemba, chipepala chopyapyala chokulungidwa m'kachibekete, chomwe ndi mtima wa makina onse. Madzi amalowerera m'nembanembayi koma mchere wambiri wosungunuka umatsalira, n'kutuluka ndi madzi otayidwa kudzera pa paipi ina. Madzi osefedwa amakasungidwa m'kathanki kakang'ono ndipo amatungidwa pa kampopi kakekake.

Mwachilengedwe, madzi akalekanitsidwa ndi nembanemba yotere amayenda kuchoka mbali ya mchere wochepa kupita mbali ya mchere wambiri. Makina a RO amawakakamiza kuyenda mobwerera, ndipo kuti zimenezi zitheke pamafunika mphamvu yokankha, yomwe amisiri a mipopi amati pulesha. Makina ambiri a pakhomo amafuna pulesha yosachepera 40 psi, yomwe ndi pafupifupi 2.8 bar, ndipo amagwira bwino pa 60 psi, kapena kuti 4 bar. Mchere wa m'madzimo umadyanso mbali ya mphamvuyi: mamiligalamu 1,000 aliwonse a mchere pa lita amachotsa pafupifupi 0.7 bar. Choncho madzi akakhala amchere kwambiri, pulesha yofunika imakweranso.

Chifukwa chake pulesha imaperewera kuno

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: mamita 10 a kutalika kwa madzi amapereka pafupifupi 1 bar. Thanki yomwe ili pa nsanja ya mamita 6, monga zomwe timaona pa nyumba za aphunzitsi ndi pa zipatala zazing'ono, imapereka 0.6 bar yokha. Kuti thanki ipereke 2.8 bar iyenera kukhala mamita 28 m'mwamba, ndipo palibe khomo lomwe lingamange nsanja yotero. Aliyense amene madzi ake amachokera m'thanki ya pakhomo sangayendetse makina a RO popanda pampu.

Amene ali pa mapaipi a Central Region Water Board pa boma, kapena pa mipopi ya m'midzi yomwe madzi ake amatsetsereka okha kuchokera ku mapiri, pulesha yawo imadalira malo omwe nyumba ili komanso nthawi ya tsiku. Nyumba ya m'munsi imalandira mphamvu yambiri kuposa ya pamtunda, ndipo m'mawa ndi madzulo, pamene aliyense akutunga, mphamvu imatsika. Madzi enieniwo amathanso kusowa. Damu la Mpira, lomwe lili m'boma lino ndipo limamwetsa anthu a ku Balaka ndi madera ena a Ntcheu, linauma mu 2018 ndipo mipopi yambiri inakhala youma kwa nthawi yaitali. Pampu imaonjezera mphamvu pa madzi omwe alipo. M'paipi mukakhala mopanda madzi, ilibe chochita.

Kuzizira nakonso kumachedwetsa makinawa. Kuchuluka kwa madzi komwe kumalembedwa pa nembanemba, monga magaloni 50 pa tsiku, omwe ndi malita pafupifupi 190, kunayezedwa pa madzi a 25 °C. Madzi akazizira ndi digiri imodzi, otuluka amachepa ndi pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse. Ku Tsangano ndi ku Lizulu m'miyezi ya June ndi July, makina abwinobwino akhoza kuoneka ngati afa pamene vuto ndi chisanu chabe.

Vuto la pulesha yochepa pa umoyo

Eni makina amadandaula za kuchedwa kwa madzi, koma chomwe chiyenera kutidetsa nkhawa ife ndi china. Mchere umadutsa nembanemba pang'onopang'ono nthawi zonse, kaya pulesha ndi yambiri kaya yochepa. Pulesha ikakhala yokwanira, madzi odutsa amakhala ambiri ndipo mchere wochepawo umasungunukiramo osaoneka mphamvu. Pulesha ikatsika, madzi odutsa amachepa koma mchere umadutsabe chimodzimodzi, motero madzi osefedwa amakhala ndi mchere wambiri kuposa momwe banja likuganizira. Madziwo amaoneka oyera, ndipo palibe amene amakayika.

Izi ndi zofunika kwambiri kwa amene anagula makina pofuna kuchotsa fluoride. Mcherewu umachokera m'miyala ya pansi pa nthaka, ulibe fungo kapena mtundu, ndipo ukachuluka umathimbiritsa mano a ana pamene akupangika, makamaka asanakwane zaka 8. Munthu akamwa madzi a fluoride wochuluka kwambiri kwa zaka zambiri, mafupa ndi mfundo zimaumanso. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika mlingo wa mamiligalamu 1.5 pa lita, pamene mlingo wa Malawi Bureau of Standards wa madzi a pa mjigo ndi zitsime, wa mu 2005, unalola mpaka mamiligalamu 6. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 anapeza fluoride wochuluka m'madzi a pansi pa nthaka ku Nathenje m'boma la Lilongwe, ndipo kafukufuku wa University of Strathclyde mogwirizana ndi boma la Malawi, wofalitsidwa mu 2020, anasonyeza kuti vutoli limatsatira mtundu wa miyala ndi akasupe a madzi otentha. Mijigo iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana kwambiri, choncho njira yodziwira za mjigo wa m'dera lanu ndi kuyezetsa. Kumbukiraninso kuti kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride. Madzi akamaphwera, fluoride amatsala momwemo.

Pulesha yochepa imawononganso madzi. Makina abwino amataya malita 3 kapena 4 pa lita imodzi yosefedwa, koma mphamvu ikaperewera otayidwa amachuluka kwambiri, ndipo nthawi zina makina sazima konse chifukwa kathanki sikadzadza.

Musanalangize za pampu

Choyamba, funsani chomwe banja likufuna kuchotsa m'madzi. Ngati nkhawa ndi tizilombo toyambitsa kolera ndi matenda otsekula m'mimba, klorini kapena kuwiritsa ndi zokwanira ndipo ndi zotsika mtengo. Makina a RO ndi oyenera pamene kuyeza kwasonyeza fluoride, nitrate kapena mchere wopitirira mlingo. Ofesi ya zamadzi pa boma ingakuthandizeni kutumiza madzi ku Central Water Laboratory ku Lilongwe.

Chachiwiri, pulesha iyezedwe ndi geji pa paipi yolowa m'makina, m'mawa, masana ndi usiku. Ikakhala pansi pa 40 psi, pampu ikufunika. Ikakhala 60 psi kapena kuposa, pampu ndi kutaya ndalama, ndipo ikapitirira 80 psi pamafunika valavu yochepetsa mphamvu kuti zibekete zisaphulike.

Chachitatu, onani ngati vuto si lina. Sefa zotsekeka ndi matope, paipi yopindika, kapena kathanki komwe kataya mpweya wake zimachepetsa madzi chimodzimodzi. Kathanki kopanda madzi kayenera kukhala ndi mpweya wa pafupifupi 7 psi, ndipo kamapopedwa ndi pampu ya njinga.

Kaikidwe ka pampu

Pampu ya makina a pakhomo ndi yaing'ono, nthawi zambiri ya mavoti 24, ndipo imabwera ndi thiransifoma yolumikiza ku magetsi a ESCOM. Iyenera kugwirizana ndi kukula kwa nembanemba, monga momwe zalembedwera pa zipangizo ziwirizi. Ngati madzi akuchokera m'thanki yapansi kapena yosakwera kwambiri, pagulidwe pampu yotha kudzikokera yokha madzi.

Mmisiri amayamba ndi kutseka valavu yolowetsa madzi ndi ya pa kathanki, kenako n'kutsekula kampopi kuti mphamvu yotsala ituluke. Pampu imalowa pa paipi ya pakati pa sefa zoyambirira ndi nembanemba, kuti izikoka madzi omwe achotsedwa kale mchenga, popeza mchenga umawononga mphira za m'kati mwake. Pa pampu pali muvi wosonyeza mbali yolowera ndi yotulukira madzi. Mapaipi adulidwe mowongoka ndi kulowetsedwa mpaka kumapeto.

Pali maswichi awiri omwe sayenera kusowa. Swichi ya pulesha yotsika imakhala madzi asanafike pa pampu, ndipo imaizimitsa madzi akasiya. Popanda iyo, pampu imazungulira youma mpaka kupsa, zomwe n'zosavuta kuchitika kumene madzi amadukaduka. Swichi ya pulesha yokwera imakhala pa paipi yopita ku kathanki ndipo imazimitsa pampu kathanki kakadzadza. Thiransifoma ndi soketi zikhale pamwamba, pamalo ouma, ndipo magetsi alumikizidwe pomaliza madzi atatsekulidwa kale.

Akamaliza, mmisiri aone ngati pali podontha, ndipo atseke kampopi ndi valavu ya kathanki kuti atsimikize kuti pampu ikuzima yokha. Madzi a kathanki koyamba atayidwe. Ngati nyumba ili pa mapaipi a anthu ambiri, ndi bwino pampu izikoka m'thanki ya pakhomo m'malo mokoka mwachindunji, chifukwa kukoka m'paipi yopanda mphamvu kungalowetse madzi akuda pamalo pomwe paipiyo inang'aluka, ndipo odwala angakhale oyandikana nawo.

Kutsimikiza kuti madzi akusefedwadi

Kamita kam'manja ka TDS kamayeza kuchuluka kwa mchere wosungunuka. Yezani madzi olowa ndi osefedwa. Mwachitsanzo, olowa akasonyeza 800 ndipo osefedwa 60, ndiye kuti 740 pa 800 wachotsedwa, omwe ndi magawo 92 pa 100, ndipo makina ali bwino. Zikatsika kufika pa magawo 80 ngakhale pulesha ili yokwanira, nembanemba yatha. Kamita aka sikaona tizilombo, ndipo sikanena kuchuluka kwa fluoride payekha; kumene fluoride ndi wambiri, madzi osefedwa ayezetsedwenso ku labotale.

Sefa zoyambirira zimasinthidwa pa miyezi 6 mpaka 12, kapena msanga m'nyengo ya dzinja pamene madzi ali amatope, ndipo nembanemba imatha zaka 2 kapena 3. Sefa ya makala ikachedwa kusinthidwa, klorini amafika pa nembanemba n'kuiboola. Banja lomwe silingakwanitse kugula zosinthazi liuzidwe zoona lisanawononge ndalama pa pampu.

Zomwe pampu singakonze

Makina a RO a pakhomo anapangidwira madzi omwe atetezedwa kale ku tizilombo. Nembanemba yatsopano imagwira tizilombo tambiri, koma kabowo kamodzi kapena mphira yotha ndi zokwanira kuti tidutse, ndipo palibe chizindikiro chochenjeza. Madzi a m'chitsime chosatetezedwa kapena a mumtsinje athiridwe klorini m'thanki asanalowe m'makina.

Komanso makinawa amachotsa klorini yense. Madzi otuluka pa kampopi alibe chowateteza, motero akathiridwa m'ndowa yosavundikira kapena kutungidwa ndi kapu yogwiridwa ndi manja osasamba, amaipa msanga kuposa madzi a klorini. Mliri wa kolera womwe unayamba mu March 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino ndipo unapha anthu oposa 1,700. Uthenga womwe munafalitsa nthawi imeneyo sunasinthe chifukwa pakhomo pali makina: madzi asungidwe m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono kapena ndowa ya kampopi, ndipo magetsi akazima kapena makina akawonongeka, banja libwerere ku klorini kapena kuwiritsa tsiku lomwelo.

Madzi otayidwa ali ndi mchere ndi fluoride wochuluka kuposa olowa. Ndi abwino kukolopera ndi kuthira m'chimbudzi, koma asamwedwe kapena kuphikira, ndipo chidebe chake chikhale chosiyana kuti ana asasokoneze.

Pomaliza, makina amodzi amateteza khomo limodzi. Mukapeza banja lagula RO chifukwa ana awo athimbirira mano, dziwani kuti ana ena onse omwe amamwa pa mjigo womwewo ali pa chiopsezo chomwecho. Lembani dzina la mjigowo ndi mudzi wake, dziwitsani komiti ya mjigo ndi mfumu, ndipo perekani lipoti kwa mkulu woona za ukhondo pa chipatala chanu kuti madziwo ayezedwe. Ngati fluoride wapezeka wopitirira mlingo, ana aang'ono ndiwo oyamba kupezeredwa madzi akumwa kwina pamene dera likufunafuna njira yokhalitsa.