Galimoto ikamafooka pachitunda, unikani catalytic converter

Oyendetsa galimoto zonyamula anthu pamsewu wa M5, pakati pa Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa, amalidziwa vuto ili: galimoto ikulira bwino pamalo, koma ikangonyamula anthu n'kuyamba chitunda, monga pamsewu wa M18 wopita ku Kasungu, mphamvu imatha ngakhale dalaivala apondetse mafuta. Ambiri amathamangira kusintha mapulagi kapena pampu ya mafuta, pomwe nthawi zina cholakwika chimakhala mu ekizozi, pa chipangizo chotchedwa catalytic converter.

Chipangizochi chimakhala m'galimoto za petulo zochokera ku Japan zomwe zadzaza m'misewu ya dziko lino, monga Toyota Sienta, Probox ndi Vitz. Mkati mwake muli chinthu chouma ngati mbale yadothi, chokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati zisa za njuchi. Timabowoti timakutidwa ndi miyala yamtengo wapatali ya platinum, palladium ndi rhodium. Utsi wotentha ukamadutsamo, mpweya wakupha wa carbon monoxide, petulo wosapsa ndi nitrogen oxides zimasanduka carbon dioxide, nthunzi ya madzi ndi nitrogen. Dziko la America lidayamba kuika chipangizochi m'galimoto zambiri mu 1975. Petulo wokhala ndi mtovu amachiwononga, koma maiko a kuno kummwera kwa chipululu cha Sahara adasiya petulo wotere pofika mu 2006.

Zizindikiro zoti chayamba kufa zilipo zingapo. Nyali ya "check engine" imayaka, ndipo makina ounikira galimoto amaonetsa nambala ya P0420. Galimoto imamwa mafuta ambiri koma osathamanga. Ku ekizozi kumatuluka fungo ngati la dzira lovunda. Zisa zija zikasweka, pansi pa galimoto pamamveka phokoso ngati la timiyala m'chitini.

Komabe nambala ya P0420 payokha si umboni wokwanira. Ekizozi yobooka kapena sensa ya oxygen yowonongeka ingathenso kuyatsa nyali ija. N'chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito amayamba wayerekeza masensa awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo kwa chipangizocho. Chikakhala chabwino, manambala a sensa yakutsogolo amakwera ndi kutsika mofulumira pomwe a yakumbuyo amakhala odekha. Onse awiri akamavina mofanana, ndiye kuti utsi ukungodutsa osayeretsedwa. Pofuna kudziwa ngati chatsekeka, makaniko amamasula sensa yakutsogolo kwa kanthawi kochepa kuti utsi upeze potulukira. Injini ikapeza mphamvu pamenepo, ndiye kuti njira ya utsi ndiyotseka.

Kawirikawiri chipangizochi sichifa chokha, chimaphedwa ndi vuto lina. Mapulagi kapena makoyilo akatha, petulo wosapsa amakayakira mkati mwake mpaka zisa zija kusungunuka. Injini yodya oilo, kapena yomwe gasiketi yake yapsa n'kumalowetsa madzi, imamata timabowo tija. Petulo wa m'zigubu, yemwe amachuluka mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni, nthawi zina amakhala wosakaniza ndi palafini ndipo sapsa bwino.

Kunyanja kuno kulinso mavuto akeake. Chipangizochi chimagwira ntchito chitatentha kupitirira madigiri 400, choncho galimoto ikalowa m'madzi akuya, monga zimachitikira mitsinje ya Dwangwa, Bua ndi Kaombe ikasefukira, chimazizira mwadzidzidzi ndipo zisa zimatha kung'aluka. Maenje ndi miyala ya m'misewu yafumbi yopita kumadooko nayonso imagunda kunsi kwa galimoto zazifupizi.

Posintha, choyamba ndi kukonza chimene chidapha chakalecho, apo ayi chatsopano nacho sichikhalitsa. Kenako galimoto izizire, ikwezedwe ndi kukhazikidwa pa zochirikiza zolimba osati pa jeke yokha. Makaniko amachotsa masensa, kumasula mabauti omwe nthawi zambiri amakhala atachita dzimbiri, n'kuika chinacho ndi magasiketi atsopano, moyang'anitsa komwe utsi ukupita. Pa galimoto zina zing'onozing'ono chipangizochi chimakhala cholumikizana ndi manifodi, kotero zimasinthidwira limodzi. Pomaliza amafufuta nambala ija m'kompyuta ya galimoto n'kuiyendetsa kuti aone ngati nyali siyakanso.

Wogula chogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kusuzumira mkati ndi tochi, chifukwa miyala ija ili ndi msika, ndipo pali ena amene amakolopa zam'kati n'kugulitsa chitini chokha. Pachifukwa chomwecho, mwini galimoto ali ndi ufulu woitanitsa chakale chija kwa makaniko, popeza n'chake ndipo chili ndi mtengo.

Njira yachidule yomwe ena amatsata ndi kuswa zisa zija kapena kuwotcherera paipi wamba. Mphamvu imabwereradi ngati chinali chotseka, koma nyali ya "check engine" imayaka mpaka kalekale, zomwe zimabisa mavuto ena akadzabwera. Utsi wonse wakupha umatuluka osasefedwa, ndipo oyamba kuupuma ndi dalaivala yemweyo, makondakitala ndi amayi ogulitsa nsomba ndi mpunga pamasiteji pomwe galimotozi zimaima zikulira podikira anthu.