Vayirasi ya kompyuta imayenda ngati matenda a panazale

Mlimi aliyense wa fodya ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya amaudziwa mwambo wa panazale. Salowamo chilowelowe. Usanagwire mbande umayamba wasamba m'manja ndi sopo, ndipo wosuta amauzidwa kuti ndudu yake aisiye kutali. Alangizi a ARET akhala akulalikira zimenezi kwa zaka zambiri, chifukwa matenda a mosaic, aja achititsa tsamba kukhala la mawangamawanga, amayenda pa zala za munthu kuchoka pa mbewu yodwala kupita pa yabwino.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti vayirasi yoyamba kutulukiridwa padziko lonse inali ya fodya yomweyi. M'chaka cha 1892 katswiri wa ku Russia, Dmitri Ivanovsky, anasefa madzi a masamba odwala napeza kuti madziwo akupatsirabe matenda. Mu 1898 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anatsimikiza kuti ichi n'chinthu chachilendo, nachitcha virus. Akatswiri a makompyuta atafuna dzina la kapulogalamu kodzibereka kokha n'kumalowa m'makina a eni, anabwereka liwu lomweli. Tsono ife a ku Kasungu nkhaniyi sitiyenera kuiona ngati ya azungu. Mayendedwe ake timawadziwa kale.

Taonani mmene zimakhalira msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa. Mlembi wa kalabu ali ndi laputopu yakaunjika, mwina yochokera ku Joni. Mmenemo muli mayina a alimi, manambala awo a kaundula, mabelo amene aliyense watumiza, ndi ngongole ya fetereza yoti idulidwe. Makina osindikizira alibe. Akopera zonse pa fulashi, akwera kabaza, akafika pa kashopu kosindikiza zikalata pa boma. Pa kompyuta ya pashopupo padutsa kale mafulashi a ana a sukulu, a ofunsira ntchito, a abusa, kuyambira m'mawa. Pobwerera adutsira kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu kuti amuwonjezere zatsopano. Madzulo fulashi yomwe ija aibaya pa laputopu ya kalabu. Abale, uku sikusiyana ndi kugwira mbande za m'madimba asanu kenaka n'kulowa panazale yako osasamba.

Njira imeneyi ndi yakale ngati makompyuta enieniwo. Vayirasi ya Brain, yomwe analemba anyamata awiri apachibale a ku Lahore, dziko la Pakistan, mu 1986, inawoloka nyanja pa madisiketi, anthu wamba asanaidziwe intaneti. Disiketi inatha, fulashi inalowa m'malo, khalidwe ndi lomwe lija.

Yovutitsa kwambiri kwathu kuno ndi ija imasandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Ubaya fulashi, upeza mafoda ako onse ali ndi kamuvi pakona. Mtima phwii! Ambiri apa amalakwa kawiri. Choyamba amadina pa kamuviko kufuna kuona ngati zinthu zilimo, osadziwa kuti kudinako ndiko kumadzutsa vayirasi kuti ikhazikike m'kompyuta. Chachiwiri amathamangira kufomata fulashi, n'kufufuta okha zomwe vayirasi inangobisa. Kawirikawiri mafayilo amakhala alimo. Fulashi yotere iyenera kuyamba yapimidwa ndi antivirus, kenaka muuze Windows kuti ionetse mafayilo obisika, kapena mupite nayo kwa wodziwa. Koma wodziwa wake asakhale uja mankhwala ake ndi amodzi pa nthenda iliyonse: "Tingofomata basi, bwana."

Za antivirus ndinene mosapsatira. Amalonda ambiri amaganiza kuti chitetezo n'chinthu chogula kamodzi ngati loko wa pagolosale. Ayi. Mavayirasi atsopano amabadwa tsiku lililonse, ndipo antivirus yomwe sinalandire mndandanda watsopano kwa miyezi isanu ndi umodzi ili ngati mlonda wodziwa nkhope za akuba a chaka chatha okha. Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi antivirus yakeyake, Microsoft Defender, yaulere, ndipo kwa munthu wa kagolosale kapena wophunzira ndi yokwanira. Chomwe imafuna ndi bandulo basi. Inde bandulo ndi yodula, sindikukana. Koma ndaona anthu akuzimitsa ma update kuti asunge mayunitsi, mayunitsi omwewo n'kukathera pa Facebook usiku womwewo.

Palinso chinyengo china chomwe tinachizolowera mpaka sitichionanso. Mnyamata wokonza makompyuta akamakuikirani Microsoft Office kapena Windows yakuba, amayamba wazimitsa antivirus, ati imasokoneza. Imasokoneza chifukwa yaona chinthu. Timapulogalamu totsegulira zakubazi ndi khomo lomwe akuba enieni amakonda kulowera. Ngati ndalama palibe, LibreOffice ndi yaulere, imalemba makalata ndi kuwerengera mabelo bwinobwino.

Makina akale nawo ali ndi vuto lawo. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo chithandizo cha masiku onse cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025. Kufunika kwa zigambazi kunaoneka mu May 2017, pamene vayirasi ya WannaCry inakhoma makompyuta m'maiko oposa 150, kuphatikizapo a m'zipatala za boma ku Britain, n'kumalamula madola 300 kuti iwatsegule. Chigamba chotseka bowo lomwe inalowera chinali chitatuluka mu March chaka chomwecho. Anagwidwa ndi amene sanachiike. Amene ali ndi kompyuta ya Windows 7 yosungira maakaunti, bola aichotse pa intaneti ndipo mafulashi a anthu asamaifike.

Wina anena kuti akuba a pa intaneti sangataye nthawi ndi dziko losauka. Tikumbutsane za mu February 2024, pamene mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alowa m'makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka ndipo akufuna dipo. Kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata, amalonda opita ku Tanzania ndi ku South Africa n'kumangoyang'ana kumwamba. Lamulo loletsa zoterezi lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Koma lamulo limalanga wolakwa akagwidwa. Silibweza kaundula wa kalabu.

Chobweza kaundula ndi kope ina. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Fayilo yomwe ili pamalo amodzi ndi fodya wapachala. Lachisanu lililonse zofunika zikoperedwe pa fulashi ina yomwe situluka m'nyumba ndipo sikhala yobayidwa pa kompyuta, chifukwa vayirasi yokhoma mafayilo imakhomanso chilichonse chomwe yachipeza cholumikizidwa. Kope yachitatu mudzitumizire nokha pa imelo. Wophunzira amene akulemba kafukufuku wake wa chaka chomaliza achite izi madzulo alionse, osati pa sabata. Ndipo buku la makatoni lija mlembi wakale ankalembamo mabelo musalitaye, magetsi athu mukuwadziwa.

Fulashi yopita kokasindikiza ikhale yakeyake, yopanda china koma chikalata cha tsiku limenelo, ndipo ikabwera ipimidwe isanatsegulidwe. Mashopu ambiri tsopano amalandira zikalata pa WhatsApp. Sandutsani chikalatacho chikhale PDF, tumizani, fulashi itsale m'thumba.

Kwa eni mashopuwo ndili ndi mawu owawa pang'ono. Inu ndinu nazale ya tauni yonse. Mlimi wosiya ziputu za fodya m'munda akatha kukolola amadwalitsa minda ya anzake chaka chamawa, n'chifukwa chake alangizi amalimbikira kuti zizulidwe. Kompyuta yanu yolandirira mafulashi, yomwe antivirus yake inafa kalekale, ikugwira ntchito ya ziputu zomwezo. Ndalama ya masamba ochepa amene mumasindikiza m'mawa umodzi ikwanira bandulo ya update ya sabata yonse, ndipo nthawi yabwino yoyeretsera makinawo ndi mu March, alembi a makalabu asanayambe kufola pakhomo panu ndi mafulashi awo.