Kuotcha Miyala ya Laimu: Moto Wofunika ndi Wochuluka Bwanji?

Kumpoto kwa mzinda wa Dar es Salaam kuli chitunda cha Wazo Hill, chimene miyala yake inapangika kuchokera ku matanthwe ndi zigoba za tizilombo ta m'nyanja. Fakitale ya simenti ya pamenepo inayamba ntchito mu 1966, ndipo mu 2004 inayamba kuotchera gasi wochokera ku chilumba cha Songo Songo. Koma anthu a m'mbali mwa nyanjayi anayamba kalekale kuotcha miyala yotereyi ndi nkhuni kuti apeze laimu womangira ndi njereza, monga momwe amachitiranso ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka ku Malawi. Kaya ndi gasi kaya ndi nkhuni, mwala umafuna moto wofanana.

Zimene zimachitika m'ng'anjo

Mwala wa laimu ukatentha kufika madigiri 900 a Celsius umagawika pawiri. Pa makilogalamu 100 a mwala wopanda zosakaniza, makilogalamu 44 amauluka ngati mpweya wa carbon dioxide, ndipo 56 amatsala ngati laimu wootcha.

Kugawikaku kumameza kutentha kokwana ma kilojoule 178,000. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma imapereka ma kilojoule pafupifupi 15,000, choncho kugawa mwalawo kumadya makilogalamu 12 a nkhuni. Kuutenthetsa kuti ufike pa madigiri 900 kumafunanso ena 6. Makilogalamu 12 aja sangachepetsedwe ndi luso lililonse. Otsalawo fakitale imabwezako ena pogwiritsa ntchito utsi wotentha kufunditsa miyala yatsopano.

Mulu wootchera pamtetete umadya nkhuni zochuluka koposa pamenepa, chifukwa moto wambiri umathawa ndi utsi ndi mphepo. Apa ndi pamene nkhalango zimathera.

Malangizo kwa ootcha laimu

1. Nkhuni zikhale zouma, chifukwa zaziwisi zimataya moto pophwetsa madzi ake.
2. Miyala iphwanyidwe mofanana kukula. Waukulu umapsa kunja kokha, mkati n'kukhala wosapsa.
3. Aotchere m'ng'anjo ya khoma lochindikala, osati pamtetete.
4. Moto usapyole muyeso, chifukwa laimu wopserera amachedwa kusungunuka akathiridwa madzi.

Nanga kumunda?

Mlimi amene nthaka yake ili ndi asidi wambiri safunika laimu wootcha. Mwala womwewo ukangoperedwa kukhala ufa wosalala umachepetsa asidi, ngakhale umagwira ntchito pang'onopang'ono. N'zoona kuti makilogalamu 56 a laimu wootcha amafanana mphamvu ndi 100 a ufawo, choncho amapepuka ponyamula. Koma amaotcha khungu ndi maso, ndipo angapsereze mbewu zongomera.

Alangizi ayambe ayezetsa nthaka, kenaka alimbikitse alimi kuthira ufa wa mwala miyezi iwiri kapena itatu asanabzale. Nkhuni zisungidwire laimu womangira, amene sangapezeke popanda moto.