MISONKHANO YA OKONDA ANIME: KUKULA KWACE NDI ZOTULUKAMO

M'dziko la Japan muli mabuku a nthano zosimbidwa ndi zithunzi zojambula pa manja, amene eni ace amawacha manga. Zithunzizo zikayenda pa kanema azicha anime. Anthu okonda zimenezi amacita misonkhano yao, ndipo misonkhanoyo yakula ndi kucuruka kotero kuti yasintha makhalidwe a eni ace omwe.

Waukuru mwa yonse uchedwa Comiket. Unayamba ku Tokyo pa 21 December, 1975, ndi timagulu 32 togulitsa mabuku, ndipo obwera anali ngati 700 cabe. Mmodzi wa oyambitsa anali Yoshihiro Yonezawa, amene anamwalira mu 2006. Colinga cao cinali cakuti munthu wamba, wosalembedwa nchito ndi kampani iri yonse, ajambule kabuku kace, akasindikize ndi ndalama zace, nakagulitse yekha pa thebulo, maso ndi maso ndi wowerenga. Timabuku totere achula kuti dojinshi. Mu December 2019 analowa anthu 750,000 m'masiku anai. Tayesani kuganiza khamu lotero pa msonkhano umodzi!

Mwambowu unaoloka nyanja. Ku America, Anime Expo inayamba mu 1992, ndipo pambuyo pace inafika poposa anthu 100,000 ku Los Angeles. Ngakhale ku Johannesburg kunatsegulidwa Comic Con Africa mu 2018, kumene okonda anime asonkhana pamodzi ndi okonda masewera ena.

Ubwino wace suli wobisika. Mnyamata amene anzace anali kumseka cifukwa cokonda zithunzi "za ana" apeza anthu zikwi okonda cimodzimodzi. Ambiri abvala zobvala za anthu a m'nthanozo, zosoka okha miyezi yambiri. Ici ndico cosplay. Akuluakulu a ku migodi akumbukira kalela, m'mene wina anali kubvala ngati dokotala ndi wina ngati nesi, nabvina pamaso pa komboni yonse. Mtima wace ndi womwewo. Ndiponso ojambula ena amene lero adya za luso lao anayambira pa mathebulo amenewa.

Koma kucuruka kuli ndi mtengo wace, ndipo apa ndipo pagona nkhani. Pamene anali 700, wogula ndi wogulitsa anali anthu amodzi. Lamulo la Comiket likali lakuti palibe mlendo wongotumikiridwa, onse ndiwo eni msonkhano, ndipo nchito yosunga mizere ndi makomo agwira anthu odzipereka osalandira malipiro. Tsono khamu likakula, obwera ambiri salidziwa lamulo limeneli. Afika monga afikira ku sitolo, namadandaula monga ogula. Makampani akuluakulu nawo anapatsidwa malo ao, ndipo wacicepere wa kabuku kamodzi apikisana nao pofuna maso a anthu. Mathebulo sakwanira onse opempha, kotero acita maere. Wina akonzekera miyezi, nagwa pa maerewo.

Ndalama nazo zalowapo. Kwa zaka zambiri kulowa ku Comiket kunali kwaulere, koma mu 2019 anayamba kulipiritsa. Ku America tikiti, ulendo ndi hotela pamodzi zilemera kwambiri kwa mwana wa sukulu, amene ndiye akonda anime koposa. Misonkhano ikacuruka m'dera limodzi ilimbirana alendo ochuka ndi anthu odzipereka omwewo, ndipo yaing'ono ndiyo iyamba kufooka.

Palinso cobvuta ca akazi obvala cosplay, amene ena awajambula kapena kuwagwira osapempha. Cifukwa ca ici misonkhano yambiri inaika zikwangwani zocenjeza kuti cobvala si cilolezo, ndipo wolakwa amaturutsidwa kunja.

Mliri wa Covid-19 unaletsa Comiket mu 2020. Pamene unatsegukanso mu December 2021, ciwerengero ca olowa cinacepetsedwa dala, ndipo anafika ngati 110,000 m'masiku awiri.