Maola 9 m'basi, palibe anandifunsa komwe ndikupita

Zithunzi zomwe anzathu akunja amaika pa Facebook ndi pa status ya WhatsApp timazidziwa tonse: jekete lalikulu, kapu ya khofi m'manja, kumbuyo kukudutsa basi yofiira yosanjikiza ya ku London. Ndemanga zimagwa ngati mvula, ena amalowa ku inbox kufunsa njira. Koma basi yofiirayo ndi ya m'tauni, mumakweramo mphindi 20 n'kutsika. Wofuna kudziwa mmene anthu a dziko lina amakhalira akwere basi ya mtunda wautali, ya usiku, momwe anthu osadziwana amatsekeredwa limodzi mpaka kuche.

Ine ndinakwera yotere mu Disembala, nditakhala ku London miyezi itatu ndikuchita digiri yachiwiri. Sukulu inali itatseka, ndipo mnzanga amene tinaphunzira limodzi kumudzi anandiitana kuti tikadyere Khrisimasi ku Glasgow, ku Scotland. Sitima yochokera pa Euston imatenga maola anayi ndi theka, koma mtengo wake nthawi ya zikondwerero ndi wosayamba kwa mwana wasukulu. Basi imatenga maola 9 kapena 10 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 650, kutanthauza kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe n'kubwereranso. Ndinagula tikiti pafoni.

Depoti yake ndi Victoria Coach Station, yomwe inatsegulidwa mu 1932. Ndikati depoti musaganize za Wenela. Palibe woitanira, palibe wokulanda chikwama kuti akukwezeni basi yake, palibe wa mazira owiritsa. Mumaonera pa sikirini khomo la basi yanu, mumaima pamzere, dalaivala amawerenga tikiti pafoni panu ndi kamakina kake, chikwama chimalowa pansi pa basi. Tikiti yanga inkalola chikwama chachikulu chosaposa makilogalamu 20. Ndinakumbuka azakhali anga omwe sakwera basi popanda thumba la ufa, nkhuku ndi ndowa.

Monga mtsikana, ndinene poyera kuti mbali imeneyi ndinaikonda. Palibe anandigwira mkono, palibe anandiitana "asisi, asisi" kwinaku akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Nthawi itakwana chitseko chinatsekedwa, tinanyamuka mipando ina ili yopanda anthu. Dalaivala analankhula mwachidule: timange malamba chifukwa ndi lamulo, chimbudzi chili m'basi momwemo, kusuta ayi, chakudya chotentha ayi. Atatero anazimitsa magetsi. Ndinadikira kuti wina aimirire atipempherere. Ndinadikira nyimbo. Zii.

Amene anakhala nane anali mtsikana wa msinkhu wanga. Ndinamupatsa moni, anayankha ndi kamwetulidwe kakang'ono, kenako anaika mahedifoni m'makutu. Patapita kanthawi ndinatulutsa mtedza wokazinga womwe mayi anandipakira pochoka, ndinamulozera. Anati zikomo, ayi. Sanachite mwano, komanso sanatsegule khomo. Mapewa athu anagundana usiku wonse koma mpaka lero sindikudziwa dzina lake, komwe ankapita, kaya ali ndi abale.

Kwathu zimenezi sizingatheke. Mukachoka ku Lilongwe, musanafike pa Nathenje mwadziwa kale kuti amene mwakhala nayeyo akupita kumaliro a achimwene ake ku Thyolo, ndipo mwapepesa. Pa Lizulu mwamuthandiza kutsitsa mtengo wa mbatata ya kachewere kudzera pawindo. Pa Ntcheu mayi wina wakupatsirani mwana kuti mumusungireko, iye akonze chitenje. Pofika pa Zalewa, basi yonse yagawikana pawiri pa nkhani ya Bullets ndi Wanderers, kapena mtengo wa feteleza. Timadandaula nazo, ine ndemwe ndakhala ndikudandaula za mlaliki wokuwa mpaka makutu kulira, komatu m'basi ya kwathu munthu sakhala yekha.

Chondiseketsa n'choti msewu womwe tinalowa potuluka mu London dzina lake ndi M1, ngati wathu uja, ndipo nawonso amayendera kumanzere. Kufanana kumathera pomwepo. Wawowu ndi wotakata, magalimoto angapo amayenda mondondozana mbali imodzi, ndipo woyenda pansi kapena panjinga saloledwa. M'mbali mwake mulibe msika, mulibe anyamata ogwedeza mbewa pandodo, mulibe mbuzi. Ukayang'ana pawindo umangoona nkhope yako.

Cha m'ma 2 koloko usiku tinaima pa malo opumira a m'mbali mwa msewu, omwe amakhala ndi zimbudzi, golosale ndi malo ogulitsa khofi. Dalaivala anatchula nthawi yonyamukira kawiri, momveka bwino, n'kuwonjeza kuti sadikira munthu. Ndinaziona ngati zonena chabe. Madalaivala onse amatero.

Nthawi itakwana tinabwerera, iye anadutsa akuwerenga mitu. Mpando wa kutsogolo kwanga unali wopanda munthu, koma panali jekete ndi kachikwama. Mwini wake anali bambo wina wachikulireko amene ndinamuona akutsika akuyenda pang'onopang'ono. Injini inalira. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione amene akuwe, monga zimakhalira kwathu, basi yonse kumenya mabodi: "Adalaivala, imani! Kwatsala munthu!" Palibe anatukula mutu.

Ndinanyamuka, ndinapita kutsogolo kukamuuza. Anandiyankha mwaulemu kuti akudziwa, wadikirako kale mphindi zisanu, waimbira ku ofesi, ndipo bamboyo akwezedwa basi yotsatira. Anandipempha kuti ndikakhale pansi ndimange lamba. Tinatuluka, ine maso ali pa chitseko cha golosale ija mpaka chinabisika. Kunja kunkazizira moti mpweya wotuluka m'kamwa unkaoneka ngati utsi, ndipo jekete la munthu uja linali nafe m'basi.

Nditabwerera pampando, mayi wina wakhungu lakuda amene anakhala mbali inayo ya kanjira anandigwira dzanja. Anandifunsa monong'ona komwe ndimachokera. Nditati ku Malawi, anaseka chapansipansi n'kunena kuti, "Muli bwanji?" Mawu a Chichewa omwe ankadziwa anali omwewo basi. Ndi wa ku Zimbabwe, koma agogo ake aamuna anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu a ku Rhodesia, osabwereranso. Iye amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo basi ya usiku ndiyo imamupulumutsa akakaona ana ake ku London.

"Mwanangu," anatero m'Chingerezi, "anthu awa si oipa. Kwa iwo kukusiya wekha ndiko kukulemekeza. Bambo uja akanagwa pansi apa, onse akanaimba 999. Koma wachedwa yekha, ndiye nkhani ndi yake."

Ndinamufunsa ngati iye anazolowera. Anati thupi linazolowera.

Pambuyo pake ndinamvetsa zomwe zimamumanga dalaivala. Lamulo la kumeneko limati woyendetsa basi kapena thiraki akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45, ndipo m'galimotomo mumakhala kachipangizo kotchedwa tachograph komwe kamalemba mphindi iliyonse yomwe wayendetsa. Sangakanamize mosavuta. Akachedwa apa, maola ake amamuthera panjira, ndipo kutsogolo kuli anthu omwe akudikira pamalo okwerera pa nthawi yolembedwa pa tikiti, pena kuti akapeze ndege kapena shifiti ya m'mawa. Amene munakhalapo padepoti kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu, injini ikungolizidwa kunamizira kuti tikunyamuka, mukudziwa mtengo wa kusasunga nthawi. Amene munakwerapo basi ya ku Joni, yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, mukudziwanso mantha omwe amakugwira ukaona dalaivala akupukuta maso m'bandakucha. Pa zimenezi azungu atiposa, tisakane.

Komabe chete uja sindimuvomereza. Dalaivala anali ndi lamulo lomumanga, koma anthu onse aja analibe. Mmodzi akanatha kuthamangira kuchimbudzi kukaona ngati mdala uja sanagwe. Sanatero chifukwa anaphunzitsidwa kuyambira ali ana kuti za munthu wina sizikukhudza pokhapokha atakupempha. Ndipo eni akewo akudziwa kuti khalidweli lili ndi mabala ake. Mu Januwale 2018 boma la Theresa May linapatsa nduna Tracey Crouch udindo woyang'anira vuto la kusungulumwa. Nditamva koyamba ndinaseka, eti nduna ya kusungulumwa! Usiku umenewo kuseka kunandithera.

Ndikulemba izi chifukwa ambiri a inu mukusunga ndalama za pasipoti, mukulemba makalata ofunsira sikolashipu ya Chevening kapena ya Commonwealth. Lembani, pitani, ine sindibweza munthu. Koma pa bajeti yanu ya lendi, viza ndi jekete, muikepo zoti mutha kukhala sabata yathunthu osalankhula ndi munthu kupatula wa pa tilu. Mayi wa ku Zimbabwe uja anandiuza kuti atsikana ena omwe amagwira nawo ntchito amaimba foni kumudzi osalankhula kanthu, amangoti foniyo ikhale pa tebulo kuti azimva phokoso la pakhomo: mbale, ana, tambala.

Tinalowa mu Scotland popanda kudziwa. Palibe chipata, palibe wapolisi wotsitsa anthu kuti asechedwe zikwama, pali chikwangwani chabe pafupi ndi Gretna. Chakumapeto kwa msewu wa M74, Glasgow ili pafupi, mayi uja anandilozera kumanzere kuti uko ndiye ku Blantyre. Ndi katauni kakang'ono komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo mishoni yomwe inakhazikitsidwa kwathu mu 1876 inatenga dzina kumeneko. Kunali mdima, sindinaone kanthu, koma ndinajambulabe pawindo kuti ndikatumizire bambo anga.

Pa Buchanan Bus Station tinafika kudakali mdima, popeza mu Disembala dzuwa la ku Glasgow limatuluka 8 koloko itadutsa kalekale. Apa ndiye anandidabwitsanso. Anthu omwewa, omwe anakhala duu usiku wonse, aliyense potsika ankathokoza dalaivala, mmodzimmodzi, ngakhale mtsikana wa mahedifoni uja. Mdala wina amene ankadikira basi yake ataona ndikulimbana ndi mapu pafoni anabwera yekha, n'kundifotokozera njira kwa mphindi zingapo m'Chingerezi cha ku Glasgow chomwe ndinatolapo mawu atatu okha.

Jekete ndi kachikwama zija dalaivala anazinyamula yekha, anazimata kapepala, n'kuzipereka ku ofesi ya katundu wotayika. Mayi wa ku Zimbabwe sanadikire kuti tipatsane manambala, shifiti yake inkayamba 8 koloko.