Belu Likalira, Mwana Amapita Kuti?

Ambiri a inu kumudziko muli ndi mwana kapena mdzukulu amene munamutumiza ku Lusaka kudzaphunzira, ndipo akukhala kwa amalume ake kuno ku Kabwata. Mumatumiza ufa ndi mtedza pa basi, mumafunsa za mayeso. Koma kodi munafunsapo kumene mwanayo amakhala kuyambira pamene belu lalira mpaka pamene akuluakulu afika panyumba?

Ife amene tinagwira choko zaka zambiri tinaona kuti mwana sayambira chamba m'kalasi, sayambiranso pamaso pa makolo. Amayambira pakati. Amaweruka dzuwa likadali pamutu, amalume ali kuntchito, akazi awo ali kumsika mpaka mdima. Aphunzitsi amati ali kwawo, akwawo amati ali kusukulu.

Zimene anawa amagwiritsa ntchito nazonso zinasintha. Ife tinakula tikudziwa kachasu ndi chamba. Kenaka kunabwera tujilijili, timapaketi ta mowa waukali tokwana m'thumba la yunifomu, mpaka boma linatiletsa mu 2012. Masiku ano kuli mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene achinyamata amamwa kuti aledzere. Mayi akapeza botolo lotere m'chikwama amangoti mwana akutsokomola.

Bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1989, silimangogwira ogulitsa. Lili ndi nthambi yophunzitsa, imene imayendera masukulu ndi kulangiza amene anayamba kale. Ntchito yabwino ndithu, koma mlendo amalankhula tsiku limodzi n'kupita. Ndipo kuyambira mu 2022, pamene maphunziro anakhala aulere, makalasi anadzaza. Tikuthokoza Mulungu kuti ana a osauka ali pasukulu, koma mphunzitsi mmodzi sangathe kuyang'ana m'maso mwa mwana aliyense.

Zizindikiro zimagawikana pawiri. Mphunzitsi amaona kugona m'kalasi, malikisi kutsika, kujomba Lolemba. Kunyumba amaona ndalama kusowa, foni kusowa, anzake achilendo oima pageti osalowa. Aliyense ali ndi theka la nkhani, ndipo theka palokha limaoneka ngati ulesi chabe. Tivomere pano kuti nafenso tinalembapo "waulesi" pa lipoti la mnyamata wina chaka chathunthu. Agogo ake atabwera kudzadandaula za wailesi imene inasowa m'nyumba, m'pamene tonse tinazindikira. Tinali titachedwa.

Mu 1 Samueli 2 timawerenga za Eli. Sanali munthu woipa, anali wansembe, wotumikira m'nyumba ya Mulungu. Koma zochita za ana ake, Hofeni ndi Finehasi, anazimva kwa anthu ena, ndipo pamene anawadzudzula anali atakhwima kale, sanamvere. Nkhaniyi imatilasa kwambiri ife otsogolera mapemphero, chifukwa manyazi athu ndi aakulu: timaopa kuti mpingo udzati chiyani.

Manyazi amenewa ndi amene amatichititsa kubisa, kapena kuthamangira chikwapu, kapena kunena kuti mwana anamulodza. Ena amangomubweza kumudzi, ngati kuti kumudzi chamba sichimera. Pempherani naye, inde, koma mupitenso naye kwa aphunzitsi a uphungu, poti masukulu ambiri ali nawo. Ngati thupi lazolowera kale, chipatala cha Chainama chimathandiza anthu otere, ndipo kupita kumeneko si kunena kuti mwana wapenga. Tisaiwalenso kuti lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, koma ndife tomwe timamutuma kukatigulira.

Masukulu akatsekera, mwanayo adzabwera kudzakuonani. Mukadya nsima, mumufunse mayina a anzake atatu, dzina la aphunzitsi a kalasi lake, ndi kumene amadya masana. Pobwerera mumupatse kakalata kopita kwa aphunzitsiwo, mulembemo nambala ya foni imene angakupezereni.